Aojibwe: Mayina Awo, Chiyankhulo Chawo ndi Chakudya Chomera Pamadzi

Munthu amene wangoyamba kuwerenga za eni nthaka a ku North America akhoza kuganiza kuti Ojibwe, Chippewa, Saulteaux ndi Anishinaabe ndi mitundu inayi yosiyana, chonsecho mayina onsewa amanena za anthu amodzi, amene kwawo ndi m'mbali mwa nyanja zikuluzikulu za pakati pa Canada ndi United States, makamaka Lake Superior, imene iwo amaitcha Gichigami. Lero amapezeka ku Ontario, Manitoba ndi Saskatchewan mbali ya Canada, komanso ku Michigan, Wisconsin, Minnesota, North Dakota ndi Montana mbali ya United States, ndipo onse pamodzi amapitirira 300,000. Kuchuluka kwa mayina awo sikunangochitika, chifukwa dzina lililonse limasonyeza amene analitchula ndi ubale umene anali nawo ndi anthuwa. Pakati pa Aojibwe eni ake nkhaniyi imapita patali, pakuti kwa iwo dzina la munthu, la mfunda, la mwezi kapena la malo limanena za ubale ndi udindo.

Anthuwa anayamba kutchulidwa m'zolemba za ansembe Achifalansa a chipani cha Jesuit mu 1640, ndipo dzina lakuti Ojibwe akatswiri amalimasulira mosiyanasiyana. Ena amati limachokera ku mawu otanthauza kuwamba chinthu mpaka chitakwinyika, ponena za msoko wokwinyika wa nsapato zawo zachikopa zotchedwa makizin, pamene ena amaligwirizanitsa ndi mneni wotanthauza kulemba, popeza anthuwa ankajambula zizindikiro pa makungwa a mtengo wa birch. Chippewa ndi dzina lomwelo monga momwe makutu a Angerezi analimvera, atataya lembo loyamba, ndipo ndilo linalowa m'mapangano ndi m'malamulo a United States. N'chifukwa chake mpaka pano bungwe lophatikiza magulu asanu ndi limodzi a ku Minnesota limatchedwa Minnesota Chippewa Tribe, ngakhale kuti limodzi mwa magulu omwewo limadzitcha Mille Lacs Band of Ojibwe. Dzina lakuti Saulteaux ndi la Chifalansa, ndipo limatanthauza anthu a pamathithi, chifukwa Afalansa anawapeza akusodza pa mathithi a Baawitigong, pamene lero pali mzinda wa Sault Ste. Marie. Chodabwitsa n'chakuti dzinali linatsatira anthu amene anasamukira kuzidikha za Manitoba ndi Saskatchewan, kutali kwambiri ndi mathithi aja.

Eni ake akamalankhula chiyankhulo chawo amadzitcha Anishinaabe, ambiri Anishinaabeg, dzina limene nthawi zambiri limamasuliridwa kuti anthu oyamba kapena anthu enieni. Dzinali ndi lotambalala kuposa Ojibwe, chifukwa limakhudzanso Aodawa ndi Apotawatomi, amene pamodzi ndi Aojibwe anapanga mgwirizano wotchedwa Bwalo la Moto Utatu. M'mgwirizanowu Aojibwe ankatchedwa mkulu, Aodawa wapakati, ndipo Apotawatomi mng'ono, amene udindo wake unali kusunga moto. Mbiri yopatsirana pakamwa imati makolo awo ankakhala kum'mawa, kufupi ndi nyanja yamchere, ndipo ananyamuka potsatira chigoba chopatulika chotchedwa miigis, atauzidwa kuti ayende mpaka akafike kumene chakudya chimamera pamadzi. Ulendowu, umene unatenga mibadwo yambiri, unawafikitsa pa chilumba cha Mooningwanekaaning, chimene mapu amachitcha Madeline Island, ku Wisconsin. Chakudya chomera pamadzicho ndi manoomin, mbewu yam'tchire yofanana ndi mpunga.

Munthu wa mtunduwu akamadzifotokoza pamwambo amatchula zinthu zitatu motsatizana. Amanena dzina lake n'kuwonjezera mawu akuti nindizhinikaaz, kutanthauza kuti ndimatchedwa motero, kenaka amatchula mfunda wake, monga makwa nindoodem, kutanthauza kuti mfunda wanga ndi chimbalangondo, ndipo pomaliza amatchula kwawo ndi mawu akuti nindoonjibaa. Mfundawu, umene umatchedwa doodem, mwana amautenga kwa bambo ake, ndipo anthu a mfunda umodzi sakwatirana, ngakhale atakhala kuti wina ndi wa ku Ontario ndipo mnzake ndi wa ku Minnesota ndipo sanaonanepo. Mlendo akafika pamudzi wachilendo ankayamba wafunsa za a mfunda wake, chifukwa iwo ndiwo anali ndi udindo womupatsa chakudya ndi pogona. Mifunda inalinso ndi ntchito zake. Ajijaak, mbalame yaitali miyendo ya mawu omveka patali, ndi maang, mbalame yomira m'madzi, inali mifunda ya utsogoleri. A chimbalangondo ankalondera mudzi ndipo ankadziwika podziwa mankhwala, a waabizheshi, kanyama kofanana ndi likongwe, anali alenje ndi ankhondo, pamene a nsomba ankawerengedwa kuti ndi aphunzitsi ndi oyanjanitsa. Dongosololi linkatha kulandira alendo, moti m'madera ena ana obadwa kwa bambo wa mtundu woyandikana nawo wa Dakota analowa mfunda wa mmbulu, ndipo obadwa kwa bambo wa Chimereka analowa mfunda wa migizi, chiwombankhanga cha mutu woyera. Mawu a Chingerezi akuti totem anachokera ku doodem yemweyu, ngakhale kuti anataya tanthauzo lake la ubale panjira.

Mphamvu ya mifunda imaoneka bwino pa chikalata cha madandaulo chimene nthumwi za Aojibwe zinapita nacho ku Washington mu 1849. Pachikalatacho panalibe mayina a anthu olembedwa m'zilembo. Kutsogolo kunajambulidwa mbalame ya ajijaak, mfunda wa mtsogoleri wa ulendowo, Oshcabawis, ndipo pambuyo pake panali tinyama titatu ta waabizheshi, chimbalangondo, cholengedwa cha theka munthu theka nsomba, ndi mlamba. Kuchokera m'diso la nyama iliyonse munatuluka mzere wopita ku diso la mbalameyo, ndipo kuchokera mumtima wa iliyonse munatuluka mzere wina wopita ku mtima wake, kusonyeza kuti onse akuona chimodzi ndipo akufuna chimodzi. Mzere winanso unachoka pa diso la mbalame n'kubwerera m'mbuyo kukafika pa tinyanja tating'ono, malo amene iwo ankapempha kuti asachotsedwepo.

Dzina la munthu payekha lili ndi mwambo wake. Makolo sangosankha dzina limene lawakomera m'khutu, koma amapita kwa munthu wamkulu wodziwika kuti ali ndi mphatso yotcha mayina, n'kumupatsa asemaa, amene ndi fodya, monga chizindikiro cha pempho laulemu. Mkuluyo akalandira fodyayo amadikira kuti dzina limufikire m'maloto, m'pemphero kapena posala kudya, ndipo kudikiraku kukhoza kutenga masiku ochepa kapena miyezi. Tsiku la mwambo kumakhala phwando, mkuluyo amanyamula mwanayo, amafotokoza kumene dzinalo lachokera, ndipo amalilengeza kumbali zinayi za dziko kuti mizimu imudziwe mwanayo. Kuyambira pamenepo wotcha dzina ndi wotchedwa amaitanana kuti niiyawe'enh, mawu ochokera ku niiyaw, kutanthauza thupi langa, ngati kuti mkuluyo wagawira mwanayo mbali ya moyo wake. Ubale umenewu sutha. Munthu ankathanso kukhala ndi mayina angapo, monga dzina loseketsa la tsiku ndi tsiku, dzina lolipeza yekha posala kudya akamakula, kapenanso dzina lachiwiri limene makolo ankamupemphera mwana akamadwaladwala.

Mayina oterewa nthawi zambiri amakhala chiganizo chathunthu, ndipo ambiri amanena za thambo, mphepo, mabingu ndi mbalame. Mayina a akazi amakonda kuthera ndi kwe, kuchokera ku ikwe, kutanthauza mkazi. Jane Johnston Schoolcraft, mlakatuli amene anabadwira ku Sault Ste. Marie mu 1800 ndipo anamwalira mu 1842, dzina lake linali Bamewawagezhikaquay, limene limamasuliridwa kuti mkazi wa mkokomo umene nyenyezi zimachita zikamathamanga kuthambo. Mfumu yotchuka ya ku Minnesota, imene inaphedwa mu 1868, inali Bagone-giizhig. Liwu lakuti giizhig limatanthauza thambo komanso tsiku, ndipo omasulira anasankha tanthauzo lachiwirilo, motero mabuku amamutcha Hole-in-the-Day, dzina losamveka bwino, pamene eni ake ankamva za chibowo cha kuthambo.

Chiyankhulo chawo, Anishinaabemowin, chili m'banja la ziyankhulo za Algonquian pamodzi ndi Cree, ndipo ambiri a ife tinatchulapo mawu ake osadziwa, chifukwa Mississippi amachokera ku misi-ziibi, mtsinje waukulu, ndipo Michigan amachokera ku mawu otanthauza nyanja yaikulu. Wolankhula Chichewa ali ndi mwayi pochiphunzira, popeza nachonso chimamanga chiganizo chonse mkati mwa mneni mwa kuphatikiza timagawo kumayambiriro ndi kumathero kwa tsinde, monga momwe ife timanenera kuti ndidzakuonaninso m'liwu limodzi. Nachonso sichisiyanitsa mwamuna ndi mkazi pa mlowam'malo, pakuti wiin ali ngati iye. Kusiyana kwakukulu kuli pa magulu a mayina. Chichewa chili ndi magulu ambiri, koma Anishinaabemowin chili ndi awiri okha, la zamoyo ndi la zopanda moyo, ndipo gulu la dzina ndilo limalamula mneni amene agwiritsidwe ntchito. Munthu akaona chimbalangondo amati niwaabamaa makwa, koma akaona bwato amati niwaabandaan jiimaan. Pochulukitsa, mayina a zamoyo amathera ndi g pamene a zopanda moyo amathera ndi n, motero timapeza makwag ndi jiimaanan. Liwu lakuti mitig likatanthauza mtengo woimirira limachuluka kuti mitigoog, koma likatanthauza ndodo limachuluka kuti mitigoon.

Pamenepa pafunika kusamala, chifukwa olemba ambiri amathamangira kunena kuti magulu awiriwa ndi galasi loonera chikhulupiriro cha Aojibwe. N'zoona kuti mwala, ng'oma, kaliwo ndi fodya, zinthu zofunika pa miyambo, zili m'gulu la zamoyo. Koma kachipatso kofiira kotchedwa miskomin kali m'gulu la zamoyo pamene ode'imin, sitiroberi, amene dzina lake limatanthauza chipatso cha mtima ndipo amalemekezedwa kwambiri, ali m'gulu la zopanda moyo. Galamala ili ndi mbiri yakeyake, ndipo ife amene timaika galu ndi fodya m'gulu limodzi ndi munthu sitiyenera kudabwa nazo.

Pali zinthu zina zitatu zimene zimasonyeza momwe chiyankhulochi chimasamalira ubale wa olankhulana. Choyamba, pali ife wa mitundu iwiri: giinawind amaphatikiza amene akumvetsera, pamene niinawind amamusiya kunja, kusiyana kumene kunali kofunika kwambiri pokambirana mapangano ndi boma. Chachiwiri, womvetsera amatsogola pa mneni, kaya ndiye wochita kapena wochitiridwa, motero giwaabamin, kutanthauza ndikukuona, ndi giwaabam, kutanthauza ukundiona, onse amayamba ndi gi, chizindikiro cha iwe. Potsanzikana amati giga-waabamin miinawaa, mawu ofanana ndi tionananso wathu. Chachitatu, m'nkhani imene muli anthu awiri, mmodzi amatengedwa kuti ndiye mwini nkhani ndipo winayo amalandira chizindikiro kumathero kwa dzina lake. Inini owaabamaan makwan amatanthauza kuti mwamuna akuona chimbalangondo, koma inini owaabamigoon makwan amatanthauza kuti chimbalangondo chikuona mwamunayo, ngakhale mawu sanasinthe malo, ndipo m'ziganizo zonse ziwiri nkhani ikadali ya mwamunayo. Mayina a achibale nawonso sangaime opanda mwini wake. Pali nookomis, agogo anga aakazi, ndi gookomis, agogo ako aakazi, koma palibe liwu la agogo wopanda mdzukulu, monga momwe ife tilili ndi mnzanga, mnzako ndi mnzake popanda liwu loima palokha.

Kalembedwe kake n'kosiyanasiyana. Wansembe Frederic Baraga, wochokera ku Slovenia, anasindikiza mtanthauziramawu wake mu 1853 m'zilembo za Chilatini. Kumpoto kwa Ontario ndi ku Manitoba ambiri amagwiritsa ntchito zizindikiro zoimira maphatikizo, zimene zimagwirizanitsidwa ndi mmishonale James Evans cha m'ma 1840. Mawu a m'nkhani ino alembedwa m'njira imene Charles Fiero anakonza m'zaka za m'ma 1950, imene imalemba kawiri lembo la liwu lotalika.

Mayina a miyezi ndiwo amafotokoza bwino moyo wa makolo awo, chifukwa mwezi umatchedwa ndi ntchito kapena nyengo yake, ngakhale kuti mayinawo amasiyanako malinga ndi dera. Malichi ndi Onaabani-giizis, mwezi umene chipale chimauma pamwamba moti munthu n'kuyendapo. Epulo ndi Iskigamizige-giizis, mwezi wowiritsa madzi a mitengo, pamene mabanja ankasamukira kunkhalango za mitengo ya maple, kumene ntchito inkatsogoleredwa ndi amayi. Ankatema pang'ono thunthu la mtengo, n'kulowetsa kamtengo kodonthetsera madzi m'timbale ta makungwa, kenaka n'kuwiritsa usana ndi usiku. Pamafunika malita pafupifupi 40 a madziwa kuti papezeke lita imodzi ya manyuchi, ndipo ankapitiriza kuwiritsa ndi kutakasa mpaka asanduke shuga, amene ankasungidwa m'madengu a makungwa otchedwa makak ndipo ankakometsera nyama ndi nsomba chaka chonse. Madzi oundana akangosungunuka, amuna ankapita usiku pabwato atayatsa miyuni n'kumabaya nsomba ndi mikondo, ndipo dzina la Lac du Flambeau ku Wisconsin, limene eni ake amati Waaswaaganing, linachokera ku usodzi umenewu.

Nyengo yotentha inali yosonkhana m'midzi ikuluikulu ya m'mbali mwa nyanja, kulima chimanga ndi maungu kumene nthaka ndi nyengo zinkalola, kuthyola zipatso ndi kuziyanika, ndiponso kusenda makungwa a birch, amene amasendeka bwino cha kumapeto kwa Juni. Makungwawa, otchedwa wiigwaas, ankafolera nyumba yozungulira yotchedwa wiigiwaam, ankapangira ziwiya, ndipo ankakutira bwato limene nthiti zake zinali za mkungudza, losokedwa ndi mizu ndi kumatidwa ndi utomoni wosakaniza ndi mafuta. Bwatolo linali lopepuka moti munthu ankatha kulisenza kuchoka pa mtsinje wina kupita pa wina, ndipo amalonda a zikopa Achifalansa analitengera momwemo. Pa makungwa omwewo akuluakulu a Midewiwin, gulu losunga mankhwala ndi miyambo yopatulika, ankajambulapo nyimbo ndi mbiri ya ulendo wochokera kum'mawa.

Kumapeto kwa Ogasiti ndi kumayambiriro kwa Seputembala kumabwera Manoominike-giizis, mwezi wokolola manoomin, ndipo kakololedwe kake sikanasinthe kwenikweni mpaka lero. M'bwato mumakwera anthu awiri. Mmodzi amaimirira n'kumakankha bwato ndi mtengo wautali wa mphanda kunsonga, kuti usazike m'matope kapena kuzula mizu. Winayo amakhala pansi ndi timitengo tiwiri topepuka ta mkungudza, ndipo ndi kamodzi amaweramitsira mapesi m'bwato, ndi kenako amagogoda ngala mopepuka kuti njere zakupsa zokha ziyoyoke. Njere zosapsa zimatsala, motero malo amodzi amakololedwa kangapo pakadutsa masiku, ndipo zimene zagwera m'madzi ndizo mbewu ya chaka chamawa. Akuluakulu oyang'anira nyanja ndiwo ankalengeza tsiku loyamba kukolola. Akafika kumtunda amayanika njerezo, amazikazinga mumphika waukulu akutakasa ndi nkhafi, amazithira m'kadzenje koyalamo chikopa, ndipo munthu wovala makizin zoyera amazipondaponda ngati akuvina, atagwirira mitengo iwiri kuti asaziphwanye, kufikira mankhusu atasiyana ndi njere. Pomaliza amapeta ndi thireyi ya makungwa monga momwe amayi amapetera ndi lichero.

Chisanu chikafika, m'mwezi wa Gashkadino-giizis pamene nyanja zimaundana, mudzi unkabalalika m'mabanja ang'onoang'ono opita kumalo awo osakako nyama, chifukwa nkhalango singadyetse anthu ambiri pamalo amodzi. Imeneyi inali nyengo ya aadizookaanan, nthano zopatulika za Wenabozho, ngwazi yochenjera ya m'nthano zawo, ndi zolengedwa zina, zimene mwambo umati zisimbidwe pokhapokha pansi pali chipale.

Moyo woyenda ndi nyengo wotere umafuna dziko lalikulu, ndipo apa ndi pamene unawombana ndi maboma. M'mapangano a 1837 ndi 1842 Aojibwe anapereka ku boma la United States madera aakulu a Wisconsin, Minnesota ndi Michigan, koma anasunga ufulu wosaka, kusodza ndi kukolola m'maderamo. Mu 1850 akuluakulu a boma anasamutsa malo olandirira malipiro a pachaka kuchoka ku La Pointe, pa chilumba cha Madeline chija, kupita ku Sandy Lake ku Minnesota, ndi cholinga chakuti anthu atsekeredwe kumeneko ndi chisanu. Malipiro anachedwa, chakudya chinali chowonongeka, ndipo anthu pafupifupi 400 anafa ndi matenda, njala ndi kuzizira, ena pamalopo ndipo ena pobwerera kwawo. Mu 1852 mfumu Kechewaishke, yodziwika kuti Buffalo, ili ndi zaka zoposa 90, inapita ku Washington kukadandaula kwa Pulezidenti Millard Fillmore, ndipo pangano la La Pointe la 1854 linakhazikitsa madera okhazikika monga Bad River, Red Cliff, Lac Courte Oreilles ndi Fond du Lac. Ufulu wosungidwa uja unaponderezedwa kwa zaka zambiri, kufikira makhoti anautsimikiza mu 1983 ku Wisconsin ndi mu 1999 pamlandu wa Mille Lacs ku Khoti Lalikulu la United States.

Chimene chinavulaza kwambiri mayina ndi chiyankhulo ndi sukulu zogonera komweko. Ku Canada ana pafupifupi 150,000 a mitundu ya eni nthaka anadutsa m'sukulu zimenezi, ndipo zomalizira zinatsekedwa m'zaka za m'ma 1990. Mwana akafika ankametedwa, ankapatsidwa dzina la Chingerezi kapena la Chifalansa, nthawi zina nambala, ndipo ankalangidwa akalankhula chiyankhulo cha kwawo. Komiti yofufuza za sukuluzi, imene inapereka lipoti lake mu 2015, inatsogoleredwa ndi woweruza wa Chiojibwe, Murray Sinclair, amene dzina lake lamwambo linali Mazina Giizhik. Limodzi mwa mapempho a komitiyo linali lakuti anthu aloledwe kubwezeretsa mayina awo, ndipo mu 2021 boma la Canada linalengeza kuti eni nthaka akhoza kulembetsa mayina amwambo pa pasipoti. Kalembera wa chaka chomwecho anapeza anthu pafupifupi 25,000 otha kulankhula Chiojibwe ku Canada. Ku United States amene anachiyamwira atsala ochepa ndipo ambiri ndi okalamba, n'chifukwa chake sukulu ngati Waadookodaading ya ku Lac Courte Oreilles imaphunzitsa masamu ndi sayansi m'Chiojibwe, ndipo nyengo ikakwana imatengera ana kunkhalango ya maple, kumene aneni a kuwiritsa ndi kutakasa amaphunziridwa moto ukuyaka.

Mu Disembala 2018 Aojibwe a ku White Earth, ku Minnesota, anakhazikitsa lamulo lopatsa manoomin ufulu wokhalapo, wochulukana ndi wokhala ndi madzi oyera. Mu 2021, pamkangano wa madzi okhudzana ndi paipi ya mafuta ya Line 3, mlandu unatsegulidwa m'khoti la mtunduwo, ndipo dzina loyamba pa mndandanda wa odandaula linali Manoomin, liwu limene m'galamala ya Anishinaabemowin lili m'gulu la zopanda moyo. Mu 2022 khoti la apilo la White Earth linathetsa mlanduwo ponena kuti lilibe mphamvu pa zochita za anthu akunja zochitikira kunja kwa malire a dera lawo.